Za M'mabuku: Kabwato ka Long John Silver

Mwezi uno tatsitsa pa alumali buku limene makolo ambiri amaliyang'ana ndi diso lokayika, popeza pachikuto pake kawirikawiri pamajambulidwa munthu wa mwendo umodzi, mfuti m'chiuno, mbalame ya chinkhwe ili paphewa. Dzina la bukuli ndi Treasure Island, ndiko kunena kuti Chilumba cha Chuma. Makolo amafunsa kuti, kodi nkoyenera kuti mwana wa m'banja lachikhristu aziwerenga nkhani za achifwamba a panyanja, anthu opha anzao chifukwa cha golidi? Funsoli nlabwino, ndipo sitifuna kuliyankha mothamanga. Tiyambe taona kanthu kena kakang'ono ka m'bukumo, kamene ambiri amakadumpha pofulumirira kutseka buku: kabwato kamene mtsogoleri wa achifwambawo adathawirapo.

Mlembi wake

Robert Louis Stevenson adabadwira mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland pa 13 November 1850, m'dziko lomwelo kumene kudachokera amishoni a Livingstonia ndi a Blantyre. Agogo ake a kuchikazi, Lewis Balfour, adali mbusa wa mpingo wa Colinton. A kuchimuna adali amisiri omanga nsanja za nyali zounikira zombo usiku, ndipo agogo ake, Robert Stevenson, ndiwo adamanga nsanja yotchuka ya Bell Rock, imene idayamba kuunika m'chaka cha 1811. Mnyamatayo adakula wodwaladwala, ndipo mlezi wake, Alison Cunningham, ankamwerengera Baibulo ali chigonere pakama. M'chaka cha 1873 adasweka mtima makolo ake pamene adawaululira kuti chikhulupiriro chao sachigwiranso. Komabe m'zaka zake zotsiriza, ali pa zilumba za Samoa, ankasonkhanitsa a m'nyumba mwake ku mapemphero amene iye mwini ankalemba. Adamwalira komweko pa 3 December 1894, ali ndi zaka 44.

Bukuli lidayambika m'chaka cha 1881 ku Braemar, pa masiku a mvula, pamene Stevenson adajambula mapu a chilumba chopeka posangalatsa Lloyd Osbourne, mwana womupeza. Madzulo ankawerengera banja lonse mutu umene walemba, ndipo atate ake okalamba adakondwa nayo nkhaniyo kotero kuti adathandiza kulemba mndandanda wa zinthu zopezeka m'bokosi la mmalinyero wa m'nkhanimo. Nkhaniyo idatuluka pang'onopang'ono m'nyuzi ya ana yotchedwa Young Folks, ndipo idasindikizidwa ngati buku m'chaka cha 1883. Dzina loyamba limene mlembi adaipatsa lidali The Sea Cook, kutanthauza wophika wa panyanja. Dzinali likutiuza munthu amene mlembiyo adali naye m'maganizo kuyambira pachiyambi.

Nkhaniyo mwachidule

Wofotokoza nkhani ndi mnyamata, Jim Hawkins, mwana wa mwini nyumba ya alendo. M'bokosi la mmalinyero wokalamba amene adafera m'nyumba mwao, Jim adapezamo mapu osonyeza pamene Kaputeni Flint adakwirira chuma chake cholanda, chokwana mapaundi 700,000. Dokotala Livesey ndi munthu wina wachuma, Trelawney, adakonza chombo cha matanga chotchedwa Hispaniola, nanyamuka pa dooko la Bristol, kaputeni wao ali Smollett. Koma Trelawney adali wosasunga pakamwa, ndipo polemba amalinyero adatsamira uphungu wa munthu amene adamlemba ntchito yophika, Long John Silver.

Silver adali wamtali ndi wamphamvu, wa zaka 50, woduka mwendo wamanzere, wa nkhope yosekerera ndi pakamwa pozuna. Khitchini yake idali yaukhondo, mbale zili mbee. Ku Bristol adali ndi nyumba yogulitsiramo zakudya ndi zakumwa, ndiponso ndalama ku banki. Aliyense m'chombomo adamkonda, makamaka Jim. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Usiku wina Jim adalowa mu mgolo wa maapozi kuti atolemo limodzi, ndipo ali momwemo adamva Silver akupangana ndi anzake. Wophikayo adali mmodzi wa akuluakulu a m'chombo cha Flint, ndipo chiwembu chake chidali chakuti chuma chikangokwezedwa m'chombo, eni ulendo aphedwe onse. Mwa anthu 26 a m'chombomo, odziwika kuti ngokhulupirika adali 7 okha.

Atafika pachilumbapo, mmalinyero wina dzina lake Tom adakana kulowa m'chiwembucho, natembenuka kuti achoke. Silver adamponya ndodo yake yoyendera pamsana, namtsiriza ndi mpeni, Jim akuona ali chibisalire m'tchire. Ichi tichisunge mu mtima, chifukwa kutsogoloku tidzayesedwa kuti timkonde munthu ameneyu. Kuyambira pamenepo achifwambawo adayamba kumutcha Kaputeni Silver.

Timabwato tiwiri timene tidatayika

Tisadafike pa kabwato ka Silver, m'bukumo muli timabwato tina tiwiri tofunika kutiona. Koyamba ndi kamene okhulupirika aja adatutirako katundu kuchoka m'chombo kupita ku linga la mitengo limene Flint adamanga pachilumbapo. Adatuta mabisiketi, nyama ya nkhumba, onga, mfuti ndi bokosi la mankhwala. Pa ulendo wotsiriza mudakwera amuna asanu pamodzi ndi katundu, kotero kuti madzi ankalowera cha kumbuyo. Achifwamba otsala m'chombo adawaombera mzinga, ndipo poyesa kulewa chipolopolo kabwatoko kadamira pa madzi ofika m'chiuno. Padalibe wakufa, koma mfuti zitatu mwa zisanu zidaonongeka, ndipo theka la onga ndi la chakudya lidatsalira m'madzi. Kabwato kameneka kadamira chifukwa kadasenza anthu onse ndi zosowa za onse.

Kachiwiri ndi ka Ben Gunn, amene kale adali wa m'gulu la Flint, ndipo anzake adamsiya yekha pachilumbapo zaka zitatu. Iye adapinda mitengo, nakutapo zikopa za mbuzi, ubweya uli m'kati. Kadali kakang'ono ngakhale kwa mnyamata, ndiponso kovuta kukaongolera, pakuti kankangozungulirazungulira. Munthu wosiyidwa yekha pachilumba alibe chuma china choposa bwato, komabe Ben Gunn adaululira Jim malo amene adakabisa, kunsi kwa thanthwe loyera. Usiku Jim adakatenga, napalasa kufikira pa Hispaniola, nadula chingwe cha nangula kuti chombo chitengedwe ndi madzi kuchoka m'manja mwa achifwamba. M'mawa mwake adachipezanso chombocho chikungoyenda chopanda wochiongolera, nalumphiramo, ndipo nthawi yomweyo chombo chidaponda kabwato kaja nkukamiza. Tisabise kuti Jim adachoka pa linga mosapempha, ndipo Kaputeni Smollett sadaiwale mlanduwo ngakhale zinthu zidatha bwino. Koma kabwato ka Ben Gunn kadathera pa ntchito yopulumutsa anthu ena.

Kabwato kamene kadafika

Silver adali ndi luso loima pawiri. Jim atagwa m'manja mwa achifwamba, iwo adafuna kumupha, koma Silver adamtchinjiriza. Kenaka adamnong'oneza pangano lakuti iye apulumutsa Jim ku mipeni, ndipo Jim adzampulumutse ku chingwe cha wonyonga akadzafika ku bwalo la milandu. Kwa achifwamba ankanena kuti mnyamatayo ndi chikole chabe. Tsiku lokafuna chuma adammanga Jim chingwe m'chiuno namkoka ngati mbuzi ya pamsika, ndipo Jim adaona m'maso mwake kuti golidi akapezeka, malonjezo onse aja adzaiwalika. Koma adapeza dzenje lili pululu, chifukwa Ben Gunn adali atafukula kale chumacho nkuchisamutsira ku phanga lake. Anzake asadatsekule nkomwe pakamwa, Silver adali atasintha kale mbali. Adampatsira Jim mfuti mwakachetechete, ndipo posakhalitsa adaombera George Merry, mmodzi wa anthu ake omwe. Madzulo a tsiku lomwelo adali atakhala cha pambali pa moto wa okhulupirika, akudya nao, waulemu monga kale.

Chuma chitakwezedwa, adasiya achifwamba atatu pachilumbapo, nalunjika ku dooko lina la ku Amerika kumene kunkalamulira Aspanya, kuti akalembe amalinyero ena. Padookopo padadzaza timabwato ta anthu ogulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Dokotala, Trelawney ndi Jim adapita kumtunda, nacheza usiku wonse ndi kaputeni wa chombo cha nkhondo cha Angerezi. Pobwera m'bandakucha adapeza Ben Gunn ali yekha pamwamba pa chombo, ndipo iye adaulula kuti Silver wathawa pa kabwato kamodzi ka padookopo, iye akuona, pakuti ankaopa kuti munthu wa mwendo umodziyo akatsala adzawapha onse. Silver sadapite chimanjamanja. Adaboola khoma la matabwa la mosungira chuma, natenga thumba limodzi la ndalama, za mtengo wofanana ndi ndalama zagolidi zotchedwa gini 300 kapena 400.

Achikulire amene adagwirapo mapaundi ndi masheleni kwacha isadabwere mu 1971 adzamvetsa tikati gini imodzi idali masheleni 21. Tsono thumbalo lidali la mapaundi osapitirira 420, ndalama zosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a chuma chimene chidaphetsa anthu 17 a m'chombo cha Hispaniola. Mwa onse amene adanyamuka pa Bristol, asanu okha ndiwo adabwerera nacho chombocho.

Kabwato kameneka mlembi adakatchula m'chiganizo chimodzi chokha, koma Silver adayamba kukakonza ulendo usadayambe. Usiku uja wa mu mgolo wa maapozi, iye adauza mnyamata wina dzina lake Dick kuti mkazi wake adzakhala atatenga kale ndalama zonse ku banki, atagulitsanso nyumba ya malonda ija, kuti akakomane naye ku malo ena. Koma malowo Silver sadamuuze. Pa pangano lililonse limene adachita, ndi Trelawney, ndi achifwamba, ndi Jim, ndi dokotala, adasiyapo khomo lotulukira, ndipo khomolo lidali lokwana munthu mmodzi.

Funso lovuta

Apa ndi pamene mwana wochenjera adzafunse atate ake kuti, nanga bwanji timabwato ta anthu abwino tidamira, koma ka wakupha kadafika? Ku Sande Sukulu tidazolowera nthano zimene woipa amalangidwa nthano isadathe. Stevenson adakana kutero. Jim amangonena kuti za Silver sadamvenso kanthu, kuti mwina adakomana ndi mkazi wake nakhala mwamtendere, ndipo kuti ndi bwino zikadatero, popeza m'dziko lilinkudza chiyembekezo chake nchochepa kwambiri. Mwana wa nyumba ya Chipresibiteriyani uja sadaiwale kuti bwalo la milandu la ku England sindilo lotsiriza.

Mbiri yeniyeni ikuvomereza kuti zinthu zimayenda chomwecho. Henry Every adalanda chombo cholemera cha mfumu ya ku India m'chaka cha 1695, ndipo sadagwidwe konse. William Kidd adanyongedwa ku London mu 1701. Anthu 52 a gulu la Bartholomew Roberts adanyongedwa mu 1722 ku Cape Coast, m'dziko limene lero ndi Ghana. Kumayambiriro a chaka chomwecho gulu limeneli lidatentha chombo chotchedwa Porcupine pa dooko la Ouidah, m'katimo muli akapolo a mu Afrika ngati 80 omangidwa unyolo awiriawiri. Ana athu ayenera kuzidziwa zimenezi, kuti angayese kuti uchifwamba wa panyanja udali masewera a zipewa ndi zinkhwe. Edward England, amene Silver amadzitama kuti adayendapo naye, adali munthu weniweni. Buku la mbiri ya achifwamba la m'chaka cha 1724 limafotokoza kuti anthu ake adamchotsa pa ukaputeni chifukwa adachitira chifundo kaputeni wa chombo chimene adachigwira mu 1720, namsiya pa chilumba cha Mauritius. Adakhoma kabwato ka matabwa otolatola, naolokera ku Madagascar, kumene adakhala wopempha kwa achifwamba anzake.

Tsono ena adagwidwa, ena adapulumuka, monga momwe tionera m'midzi ndi m'mizinda mwathu. Asafu adavutika ndi chinthu chomwechi mu Salmo 73, kufikira adatsala pang'ono kuterereka poona mtendere wa oipa, ndipo mtima wake udakhazikika pokhapo pamene adalowa m'malo opatulika nalingalira za chitsiriziro chao. Mlaliki 8:11 akutichenjeza kuti kuchedwa kwa chilango kumalimbitsa anthu mtima pochita zoipa. Mwana amene waphunzitsidwa kuti wakuba aliyense amagwidwa chaka chisadathe adzakhumudwa tsiku limene adzaone wakuba akumanga nyumba ya malata. Nkwabwino kuti funsoli akomane nalo ali pakhonde ndi makolo ake, Baibulo lili pafupi.

Mungaonenso kusiyana kwa buku ndi kanema. Mu kanema amene kampani ya Disney idatulutsa mu 1950, Jim mwini ndiye amathandiza Silver kukankhira kabwato m'madzi, ndipo oonerera amatsala akumwetulira. M'buku mulibe kutsazikana kotere. Silver adachoka mumdima osalawira mnyamata amene ankati amamkonda, ndipo otsalawo adangopumira m'mwamba kuti wawachokera pa mtengo wotsika.

Kabwato ka pa nyanja ya Adriya

M'Baibulo mulinso kabwato kotere, pa Machitidwe a Atumwi 27. Paulo adali wandende m'chombo cha ku Alesandriya chonyamula tirigu, m'mene mudali anthu 276. Namondwe adawakankha masiku 14. Pakati pa usiku amalinyero adazindikira kuti mtunda wayandikira, ndipo poyesa madzi adapeza kuti akunka nachepa. Adaponya anangula anai kumbuyo kwa chombo poopa matanthwe. Pamenepo amalinyerowo adatsitsira kabwato m'nyanja, akunamizira kuti akukaponya anangula ena kutsogolo, chikhalirecho akufuna kuthawa. Iwo ndiwo adali odziwa kuyendetsa chombo, ndipo akadachoka, asilikari, andende ndi apaulendo akadatsala opanda wowafikitsa ku gombe. Paulo adachenjeza kenturiyo kuti anthuwo akapanda kukhala m'chombo, otsalawo sangapulumuke. Asilikari adadula zingwe, kabwatoko nkutengedwa ndi mafunde.

Taonani kuti amalinyero aja adabisa kuthawa kwao m'mau a ntchito. Silver nayenso sadanenepo kuti ndikuthawa. Nthawi zonse ankaoneka wotanganidwa ndi zothandiza. Taonaninso kuti chombo cha Paulo chidasweka ndithu kutacha. Kukhala m'chombo sikudawapulumutse ku madzi ozizira, pakuti ena adasambira, ena adagwira matabwa. Koma onse 276 adafika pa chilumba cha Melita ali moyo, pamodzi ndi amalinyero omwe aja amene kabwato kao kadadulidwa.

Timabwato tathu

Ambiri a ife sitidaonepo chombo cha matanga, koma kabwato kobisa tikukadziwa. Pali bambo amene adalonjeza pamaso pa mpingo kuti adzakhala ndi mkazi wake pa mtendere ndi pa mavuto, koma ali ndi ndalama zimene mai sazidziwa, ndi khomo lina limene amagogoda kutauni. Matenda kapena ngongole zikalowa m'nyumba, amanena kuti akukafuna ntchito kuti athandize banja, monga amalinyero aja ndi anangula ao, ndipo makalata amayamba kuchepa kufikira atalekeka. Pali msungichuma wa mpingo kapena wa bungwe amene mabuku ake amawadziwa yekha, ndipo akamva kuti kukubwera owerengera ndalama, amayamba kukamba zosamuka. Pali Mkhristu amene bwalo la mpingo lamuitana pa mlandu, ndipo m'malo mobwera kudzamva, Sabata lotsatira amapezeka ataimirira kutsogolo mu mpingo wina, akuchitira umboni kuti waona kuunika. Palinso amene amadya Mgonero, koma pansi pa mtsamiro pali chithumwa, kuti Mulungu akachedwa pakhale pena pogwira.

Za chithumwazi, m'bukumo muli chinthu chophunzitsa. Achifwamba atafuna kumchotsa Silver pa ukaputeni, adasowa pepala lolembapo chizindikiro chao, nang'amba tsamba lotsiriza la Baibulo la Dick. Kuseri kwa kapepalako kudali mau a pa Chibvumbulutso 22:15, onena za amene adzatsala kunja kwa mzinda woyera, ndipo ambanda ali m'gulu limenelo. Silver adawadzudzula kolimba chifukwa chong'amba Baibulo, nawaopseza kuti aputa tsoka. Koma mau olembedwa pa kapepalako, amene ankanena za iye mwini, sadamkhudze. Kwa iye Baibulo lidali chinthu choopa kuching'amba, ndipo sadaganizepo zolimvera. Yakobo 1:8 akunena za munthu wa mitima iwiri kuti sakhazikika pa njira zake zonse, ndipo makolo athu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono pasakhale wotimva molakwa. Si kuthawa konse kumene kuli tchimo. Yosefe adathawa mkazi wa Potifara nasiya chovala chake. Paulo yemweyo adatsitsidwa mu dengu pa linga la Damasiko pothawa ofuna kumupha. Mai amene akumenyedwa, nathawira kwa ankhoswe kapena kwa akulu a mpingo pamodzi ndi ana ake, asayerekezedwe ndi Silver ai. Iye akupulumutsa moyo, ndipo mpingo uyenera kumtsekulira khomo. Kusunga ndalama za tsiku la mavuto nakonso ndi nzeru. Chombo chilichonse chabwino chimayenda ndi mabwato opulumukirapo. Kusiyana kwake kuli pa mafunso awiri: kodi anzanu a m'chombo akukadziwa kabwatoko? Ndipo kodi muli malo ao?

Awiri amene adabwerera

Pambali pa Silver mlembi adaikapo anthu awiri amene nawonso adayendapo m'njira yokhota. Abraham Gray adali pakati pa opanduka m'chombo, koma Kaputeni Smollett atamuitana ndi dzina, adamenyana ndi anzakewo, natuluka ali ndi bala la mpeni patsaya, nalumphira m'kabwato kodzaza kaja. Sadayang'anenso m'mbuyo. Gawo lake la chuma adalisunga, naphunzira bwino ntchito yake, nakhala wachiwiri kwa kaputeni ndiponso mmodzi wa eni chombo china, ali ndi banja lake.

Ben Gunn adauza Jim kuti amai ake adali opembedza, kuti ali mwana ankaloweza katekisma mwaliwiro, ndipo kuti kugwa kwake kudayamba ndi juga ya timakobiri pa miyala ya kumanda. Atafika kwao adalandira mapaundi 1,000, nawamwaza m'masiku 19, ndipo tsiku la 20 adabwera akupempha. Adampatsa ntchito ya ulonda wa pachipata, ndipo adadziwika ndi kuimba m'tchalitchi pa Sabata. Sadali munthu wanzeru, ndipo anyamata a m'mudzi ankamseka. Koma adali kwao, pakati pa anthu odziwa mbiri yake yonse, wosasowa kubisa dzina lake. Silver, ndi nzeru zake zonse, sakadathanso kuponda mu Bristol.

Uthenga Wabwino sutseka khomo ngakhale kwa munthu wonga Silver. Zakeyu adali wolanda, koma adaimirira poyera nalonjeza kubwezera kanai (Luka 19:8). Onesimo adathawa kwa Filemoni, ndipo Paulo adambweza ndi kalata m'manja. Njira ya wothawa aliyense ndi yomweyo: kutembenuza kabwato, kubwerera kumene adachoka, ndi kutula thumba. Ngati pali wina wowerenga mau ano amene adasiya mkazi ndi ana, kapena amene ali ndi ndalama za anthu m'manja mwake, mbusa ndi akulu a mpingo alipo kuti amperekeze. Manyazi a tsiku limodzi pa bwalo la mpingo ngopepuka poyerekeza ndi zaka za kudzidzimuka munthu akagogoda pakhomo.

Yankho kwa makolo

Tsono kodi ana awerenge bukuli? Ife tikuti awerenge, makamaka a zaka 12 ndi kupitirira, pakuti muli imfa zambiri zimene zingaopse ang'onoang'ono. Koma asawerenge okha. Mlembi adampanga Silver wokoma dala, kuti wowerenga anyengedwe monga adanyengedwera Jim, ndipo phindu la bukuli lagona pamenepo. Mwana wanu adzakomana ndi a Silver ambiri pa moyo wake: kusukulu, kuntchito, pa chibwenzi, ngakhale m'tchalitchi. Sadzabwera ndi mpeni poyera. Adzabwera ndi mau omwe Silver adauza Jim pa tsiku loyamba, omuyamikira kuti ndi mnyamata wanzeru, amene Jim adawamvanso ali mu mgolo akunenedwa kwa Dick. M'mera mpoyamba, mwana aphunzire kuwazindikira anthu otere akali pa tsamba la buku.

Mukatsiriza kuwerenga, werenganinso Machitidwe 27:27-44 pa mapemphero a madzulo, ndipo mukambirane mafunso awa. Kodi Silver adamkondadi Jim, ndipo tingadziwe bwanji? Kodi Ben Gunn adachita bwino kumlekerera kuti athawe? Nchifukwa chiyani asilikari adadula zingwe m'malo mongoika mlonda pa kabwatoko? Ndipo funso lotsiriza, limene bambo ndi mai angafunsane ana atagona: kodi m'nyumba muno muli kanthu kamene mmodzi wa ife wabisa kunsi kwa thanthwe, kamene mnzake sakadziwa?

Ambuye akusungeni nonse m'mabanja mwanu kufikira tidzachezenso mwezi wa mawa.